MVULA YAYAMBA: MADZI A PA GALASI LA GALIMOTO ATHA KUBISA MUNTHU PAMSEU

TETE — Mvula ya dzinja ikayamba m'maboma a Angónia, Tsangano, Macanga ndi Moatize, oyendetsa galimoto amakumbukira matayala, mabuleki ndi nyali. Koma pali vuto lina limene ambiri salilabadira, ngakhale kuti likhudza aliyense woyenda pamseu, kaya ali ndi galimoto, kaya alibe ndi njinga yomwe. Vutolo ndi madzi amene zopukutira galasi, zimene amotorisita amazitcha mawaipa, zimakankha kuchokera pa galasi la kutsogolo. Madziwo sathera pomwepo ayi. Amazungulira m'mphepete mwa galasi n'kukayenderera pa zenera la chitseko cha woyendetsa, ndipo kwa kanthawi munthuyo saona bwino chimene chiri kudzanja lake lamanja.

MADZIWO AMAYENDA BWANJI?

Kuno ku Moçambique galimoto zimayenda kumanzere kwa mseu, monga momwe ziyendera ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa. Dziko la Portugal linasintha m'chaka cha 1928 n'kuyamba kuyenda kumanja, koma Moçambique anakhalabe kumanzere kaamba ka maiko oyandikana nawo. Motero galimoto zambiri zimene tiri nazo, makamaka zochokera ku Japan ndi ku South Africa, ziri ndi chiwongolero kumanja.

Pa galimoto zoterezi mawaipa akapuma amagona pansi pa galasi ataloza kumanzere. Akayamba ntchito amadzuka n'kusesa madzi kupita kumanja, ndipo waipa wa woyendetsa amakathera ataimirira pafupi ndi mzati wachitsulo umene umalekanitsa galasi la kutsogolo ndi chitseko. Ndiko kuti madzi ochuluka amaunjikidwa pa mzati umenewo, pafupi ndi nkhope ya motorisita.

Galimoto ikakhala chiimire, madziwo amatsikira pansi. Koma ikamathamanga, mphepo imene imawomba pa galasi imapatukira m'mbali, ndipo imatenga madzi aja n'kuwakhotetsa kuseri kwa mzati. Ena amayenderera pa zenera ngati timifuleni, ena amagwera pa kalilole woonera kumbuyo. Liwiro likamakula, madzi okhotera kumbali nawonso amachuluka.

ZAKALE ZINALI NDI NGALANDE

Achikulire amene anakwerapo Peugeot 404, Land Rover kapena Land Cruiser yakale akumbukira kuti galimoto zimenezo zinali ndi kangalande kachitsulo m'mphepete mwa denga, ndipo pa zambiri kankatsika mpaka pa mzati wa kutsogolo. Kangalandeko kankagwira madzi n'kuwatsitsira pansi, monga momwe ngalande ya nyumba ya malata imachitira.

Mafuta atakwera mtengo pa dziko lonse m'zaka za 1973 ndi 1979, makampani opanga galimoto anayamba kufuna njira zoti galimoto idziboola mphepo mosavuta kuti isamadye mafuta ambiri. Chimodzi mwa zinthu zimene anachotsa pa galimoto zing'onozing'ono, kuyambira zaka za m'ma 1980, ndi ngalande zija. M'malo mwake anaika mphira kapena pulasitiki yokhala ndi kamzere m'mbali mwa galasi la kutsogolo, kuti madzi azikwera nako mpaka pa denga.

Apa ndi pamene pagona vuto la kwathu kuno. Mwala wothamangitsidwa ndi tayala la lole ukaswa galasi, mwini galimoto amapita kwa mekaniko kukaika lina. Kawirikawiri mphira ya m'mbali imang'ambika pochotsa galasi lakale, ndipo pofuna kupulumutsa ndalama galasi latsopano limangomatidwa popanda mphirayo, kapena amaika ya galimoto ya mtundu wina. M'chilimwe palibe amene amazindikira kanthu. Tsiku la mvula yoyamba ndi pamene motorisita amadabwa kuona zenera lake liri madzi okhaokha.

CHIFUKWA CHAKE TONSE TIYENERA KUDERA NKHAWA

Wina anganene kuti izi ndi za eni galimoto, ife a kumudzi sizitikhudza. Si choncho. Dzanja lamanja ndi limene woyendetsa amalidalira pa nthawi zoopsa kwambiri. Chapa ikatsitsa anthu n'kumafuna kubwerera mumseu, motorisita amayang'ana kalilole wa kumanja. Akafuna kupitirira ngolo ya ng'ombe kapena njinga yonyamula matumba a mbatatesi, amayang'ana komweko. Pa mphambano, monga pa Mussacama pamene mseu wa ku Ulónguè ndi Calómuè umakumana ndi wa Tete kupita ku Zóbuè, wolowa mumseu waukulu amayamba wayang'ana kumanja, pakuti galimoto zimene ziri pafupi naye zimachokera kumeneko.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Ngati madzi aphimba zenera kwa masekondi atatu okha, galimotoyo yayenda mamita 50, theka la bwalo la mpira, woyendetsa asakuona bwino kumbali. M'mamita amenewo mutha kukhala mwana wochokera ku sukulu, mayi wosenza nkhuni amene akuoloka mseu atafunda chitenje kumutu, kapena mnyamata wa njinga yamoto amene akupitirira galimotoyo.

Usiku zinthu zimaipiratu. Nyali za galimoto zina zikawala pa zenera lonyowa, kuwalako kumamwazika, ndipo munthu wovala zakuda saoneka n'komwe. Kumapiri kwa Angónia ndi Tsangano kumawonjezerapo nkhungu ndi kuzizira. Anthu amatseka mazenera onse, mpweya wa m'kamwa mwao umachita nthunzi pa magalasi, ndipo motorisita amakhala ndi madzi kunja, nthunzi m'kati. Akatsitsa zenera kuti aone, madzi a pa mzati amamugwera pa miyendo, ndiye ambiri amangosankha kuyenda chotseka.

Vutoli silithera m'dzinja. M'chilimwe woyendetsa akapopera madzi a m'kathanki kuti atsuke fumbi pa galasi, madziwo amasakanikira ndi fumbi n'kusanduka matope. Matopewo amayenda njira yomwe ija, n'kukaumira pa zenera ndi pa kalilole.

ZIMENE WOYENDETSA ANGACHITE

Mwayi wake ngwakuti zambiri mwa izi sizifuna ndalama zochuluka.

Choyamba, yang'anani mphira ya m'mbali mwa galasi la kutsogolo. Ngati palibe, kapena yatukuka, pemphani mekaniko aike yoyenera galimoto yanu. Ngati iripo, chotsani matope ndi masamba amene amatseka kamzere kake. Poika galasi latsopano, muvomerezane za mphirayi ntchito isanayambe.

Chachiwiri, onani kutalika kwa mawaipa. Pa galimoto zambiri waipa wa woyendetsa ndi wotalika kuposa mnzake, ndipo mtundu uliwonse wa galimoto uli ndi muyeso wake. Mukagula wotalika mopitirira, nsonga yake imafika m'mphepete mwenimweni n'kuponya madzi kunja kwa mzati. Zoterezi zimachitikanso ngati mkono wa waipa unamangidwa mopendekera. Mekaniko atha kuumasula n'kuubwezera pa malo ake m'mphindi zochepa.

Chachitatu, mphira ya waipa imatha. Opanga zipangizozi amalangiza kusintha pakapita miyezi 6 mpaka 12. Dzuwa la kuchigwa cha Zambezi, kumene kutentha kumafika madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, limaumitsa mphira msanga. Waipa wolira kapena wosiya mizere pa galasi watha ntchito, ndipo nthawi yabwino yomusintha ndi mvula isanayambe.

Chachinayi, samalani zimene muthira m'kathanki. Sopo wa ufa wochapira zovala amatseka timabowo topopera madzi, ndipo akauma amasiya zoyerayera pa zenera. Thirani madzi oyera, osati a m'chithaphwi. Ngati timabowo tikupopera m'mbali m'malo mwa pakati pa galasi, pa galimoto zambiri mutha kutiwongola ndi singano. Ndipo musapopere madzi pamene mukupitirira galimoto ina, pa khona kapena pa mphambano.

Chachisanu, tsukani zenera la m'mbali ndi kalilole monga momwe mutsukira galasi la kutsogolo. Pa galasi la mafuta ndi fumbi madzi amakanirira n'kubalalika. Nsanza imene mwapukutira injini isakhudze galasi. Ena amapaka mbatatesi yaiwisi yodula pakati kuti madzi aziterera, koma madzi a mbatatesi akauma amasiya chifunga chimene chimathobwa m'maso usiku.

Pomaliza, chepetsani liwiro. Mphepo ndiyo imakhotetsa madzi, ndiye liwiro likatsika zenera limayera ndipo mumapeza nthawi yoyang'ana kawiri. Mvula ikakula mopitirira, palibe manyazi kupatuka pa malo abwino n'kuyembekeza kuti ikate.

KWA OYENDA PANSI NDI PA NJINGA

Abale ndi alongo a m'midzi ya m'mphepete mwa mseu, mfundo yaikulu ndi iyi: musaganize kuti poti inu mwaiona galimoto, ndiye kuti woyendetsa nayenso wakuonani. Pa tsiku la mvula mwina akungoona chithunzithunzi chokha.

Poyenda pansi, yendani kumanja kwa mseu kuti muziyang'anizana ndi galimoto zimene zikubwera. Musaoloke kutsogolo kwa chapa imene yaima, dikirani ichoke kuti muone mbali zonse. Ambulera kapena chitenje chisakutsekeni maso ndi makutu pooloka. Madzulo valani kapena nyamulani chinthu choyera, ndipo njinga ikhale ndi chonyezimira kumbuyo. Anyamata a njinga zamoto asapitirire chapa imene ikunyamuka, pakuti kalilole wake atha kukhala wodzaza madzi. Malole ena aakulu ochokera ku America ali ndi chiwongolero kumanzere, motero mbali imene woyendetsa wake saona bwino ndi yosiyana ndi ya galimoto zina. Atalikireni mbali zonse ziwiri.

Makolo ndi aphunzitsi awauze ana zimenezi. Nawonso okwera chapa ali ndi mbali yao: mukaona magalasi achita nthunzi, lolani kuti zenera litsegulidwe pang'ono ngakhale kukuzizira, ndipo musamukakamize motorisita kuthamanga kuti mukapeze msika wa pa malire usanathe.

Akuluakulu anati mvula ikakuona litsiro sikata. Galimoto imene yalowa m'dzinja ndi mphira zakutha idzavutika mpaka Marichi. Eni galimoto ndi amotorisita a m'maboma athu achite changu kuona magalasi ao sabata ino, mitambo isanathe kusonkhana.