Frozen elephant trunk

Frozen elephant trunk ndi opaleshoni yochiza kung'ambika kwa aorta, mtsempha waukulu wotulutsa magazi mumtima. Khoma lake lam'kati likang'ambika, munthu akhoza kufa m'maola ochepa.

Madokotala amatsegula chifuwa, n'kudula mbali yopindika ya aorta ndi kusokererapo paipi yansalu. Kunsonga kwa paipiyo kumakhala stent, mawaya oluka amene amafutukuka n'kuchirikiza mtsempha wotsikira kumimba, komwe dzanja silifika mosavuta.

Njirayi inachokera ku opaleshoni imene Hans Georg Borst anayambitsa ku Hannover, Germany, mu 1983. Iye ankasiya paipi ikulendewera mumtsempha ngati chitamba cha njovu, kudikira opaleshoni yachiwiri. Stent imachepetsa kudikirako, koma ikatalika kwambiri imatseka timitsempha todyetsa msana, wodwala n'kupuwala miyendo.