Kulandira wophunzira wakunja m'banja

Kulandira wophunzira wakunja m'banja ndi dongosolo limene banja limatenga mnyamata kapena mtsikana wochokera kudziko lina n'kumakhala naye pakhomo ngati mwana wawo kwa masabata angapo, teremu imodzi kapena chaka chonse cha sukulu. Wophunzirayo amadya zimene banjalo likudya, amagwira nawo ntchito zapakhomo ndipo amaphunzira chilankhulo ndi miyambo ya kumaloko. M'mayiko ambiri amene amatumizidwa motere ndi ana a sekondale a zaka zapakati pa 15 ndi 18. Ku Malawi, alendo amene akhala akusungidwa m'mabanja a kumidzi kwa nthawi yaitali ndi anthu ongodzipereka ochokera kunja amene amabwera kudzaphunzira chilankhulo asanayambe ntchito. Limodzi mwa madera amene alandirapo alendo oterewa ndi la Mfumu Njombwa m'boma la Kasungu.

Mbiri

Maganizo oti achinyamata azikhala m'mabanja a kudziko lina anakula pambuyo pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu za padziko lonse. Anthu ankakhulupirira kuti munthu amene wadyapo m'mbale imodzi ndi anthu a mtundu wina sangawadane mosavuta. Mu 1932, Donald Watt wa ku America anayambitsa bungwe la Experiment in International Living, limene linkatumiza achinyamata kukakhala m'mabanja a ku Ulaya. Bungwe la American Field Service, lodziwika kuti AFS, linayamba ndi anthu oyendetsa maambulansi ku France pa nkhondo yoyamba, ndipo mu 1947 linayamba kusinthanitsa ophunzira a sekondale. Bungwe la Youth For Understanding linayamba mu 1951. Makalabu a Rotary nawonso ali ndi dongosolo lawo losinthanitsa achinyamata. Mu 2002 nyumba ya malamulo ya ku America inakhazikitsa pulogalamu ya Kennedy-Lugar YES, kuti izitenga ophunzira ochokera m'mayiko ngati Tanzania, Kenya ndi Mozambique kukakhala m'mabanja a ku America kwa chaka cha sukulu.

Ku Malawi

Bungwe la Peace Corps linakhazikitsidwa ndi pulezidenti John F. Kennedy pa 1 March 1961, ndipo anthu ake oyamba anafika m'dziko muno mu 1963, likadali kutchedwa Nyasaland. Mmodzi mwa iwo anali Paul Theroux, amene anaphunzitsa ku Soche Hill ndipo pambuyo pake anakhala mlembi wotchuka wa mabuku. Ongodzipereka a bungweli amagwira ntchito zaka ziwiri, makamaka m'zamaphunziro, zaumoyo ndi zachilengedwe. Asanayambe, amaphunzira kwa miyezi pafupifupi itatu, ndipo nthawi yambiri mwa miyeziyi aliyense amakhala m'banja lakelake m'mudzi. Maphunzirowa anachitikirapo m'midzi ya ku Dedza, kenako m'zaka za m'ma 2010 anachitikira m'midzi ya ku Kasungu, kuphatikizapo dera la Njombwa. Mu March 2020 bungweli linabweza anthu ake onse m'mayiko onse chifukwa cha mliri wa COVID-19.

Dziko la Japan lakhala likutumiza ongodzipereka ku Malawi kuyambira mu 1971. Ubale wa Malawi ndi Scotland, umene maboma awiriwa anausainira mu 2005, wathandizanso kuti sukulu zambiri za m'mayiko awiriwa zikhale pa ubale, ndipo ophunzira a sekondale a ku Scotland amabwera kudzacheza kwa masabata ochepa pamodzi ndi aphunzitsi awo.

Mmene banja limasankhidwira

Banja silitenga mlendo palokha. Bungwe lotumiza ndi limene limayendera makomo, ndipo kumudzi limayamba lakambirana ndi mfumu ndi nyakwawa. Zimene amayang'ana kawirikawiri ndi izi: chipinda chakechake cha mlendo chokhala ndi chitseko chokiyika, neti yotetezera udzudzu, chimbudzi chovundikirika, bafa yotchingidwa bwino, malo osambirapo m'manja monga mpondagiya, thandala la mbale, ndi madzi a pamjigo kapena pampopi amene angawiritsidwe kapena kuthiridwa mankhwala. Amaonanso ngati pakhomopo pali mtendere ndiponso ngati onse a m'banjamo, osati bambo okha, avomera. Nyumba ya malata kapena magetsi si zofunika kwenikweni.

Nkhani ya ndalama imasiyana. M'mabungwe ngati AFS mabanja ambiri amalandira wophunzira mongodzipereka, osalipidwa. Kumidzi ya ku Malawi mabungwe amapereka thandizo la chakudya kapena ndalama yogulira ndiwo, shuga ndi sopo, chifukwa mlendo amaonjezera pakamwa podya. Thandizoli si malipiro, ndipo kusamvetsetsana pa mfundoyi kumabweretsa mikangano.

Moyo wa tsiku ndi tsiku

Mlendo amaitana eni nyumba kuti amayi ndi abambo, ndipo ana a pakhomopo amakhala achimwene ndi achemwali ake. Mabanja ena amampatsa dzina lachichewa kapena mfunda wawo, monga Phiri kapena Banda. Phunziro loyamba limakhala moni, popeza kudutsa munthu wamkulu osapereka moni kumaonedwa ngati mwano. Kenako amaphunzira kulandira chinthu ndi manja awiri, kusamba m'manja asanadye, kumbwandira nsima, kukoleza moto, kutunga madzi ndi kuchapa pamanja. Atsikana amaphunzitsidwa kumanga chitenje pamwamba pa siketi kapena buluku.

Chakudya chimavuta masiku oyamba. Mlendo wosazolowera amatha kudya chipande chimodzi cha nsima n'kukhuta, ndipo amayi amaganiza kuti sanakonde kaphikidwe kawo. Ena sadya nyama konse, zimene zimadabwitsa banja limene lamuphera nkhuku pomulemekeza. Palinso ena amene thupi lawo limadana ndi mtedza moti akhoza kufa nawo, choncho m'dera ngati la Kasungu, kumene ndiwo zamasamba zimatenderedwa ndi nsinjiro, banja liyenera kuuzidwa za vutoli mlendo asanafike.

Kusiyana kwina kuli pa kukhala pawekha. Achinyamata a ku Ulaya ndi ku America anazolowera kudzitsekera m'chipinda n'kumawerenga, pamene kumudzi munthu wotero amaganiziridwa kuti wadwala kapena wakwiya. Naye mlendo amatopa ndi ana omuitana kuti mzungu paliponse pamene wadutsa.

Nyengo imasinthanso moyo wa pakhomo. Ku Njombwa ndi madera ena olima fodya, kuyambira January mpaka March banja limakhala kumunda ndi kuchigafa, kuthyola, kusoka ndi kupachika fodya. Miyezi yomweyi ndi imene chimanga chimatha m'nkhokwe, ndalama ya fodya isanabwere, pakuti misika monga wa Chinkhoma imatsegulidwa cha mu April. Kusunga mlendo pa nthawi imeneyi n'kolemetsa kusiyana ndi pambuyo pokolola.

Mlendo amapita nawo kumaliro, kutchalitchi ndi kuzinkhoswe. Pa Gule Wamkulu amalangizidwa kuti asajambule popanda chilolezo ndiponso asayandikire kudambwe kapena kumanda.

Umoyo ndi chitetezo

Malungo ndiwo chiopsezo chachikulu, chifukwa munthu wokulira kudziko lopanda malungo thupi lake silinazolowere matendawa ndipo amatha kumugwetsa m'masiku ochepa. Ayenera kugona m'neti, kumwa mankhwala oteteza, ndipo akangotentha thupi apite kukayezetsa tsiku lomwelo. Kutsegula m'mimba kumachitikanso kawirikawiri m'masabata oyamba. Akalumidwa ndi galu ayenera kutsuka balalo ndi sopo ndi madzi ambiri n'kuthamangira kuchipatala chifukwa cha chiwewe.

Wophunzira wa sekondale amafuna chisamaliro choposa cha munthu wamkulu. Kuyambira mu 2017, malamulo aakulu a dziko la Malawi amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo lamulo loteteza ana la 2010 limakhudzanso mwana wochokera kunja. Banja limakhala m'malo mwa makolo ake: liyenera kudziwa kumene wapita, amene ali naye ndi nthawi yobwerera. Mabungwe odalirika amaika munthu wina wosakhala wa m'banjamo amene mwanayo angamuuze zovuta zake, ndipo amamusamutsa zinthu zikavuta. Chitetezochi chimakhudzanso ana a pakhomopo, motero mlendo wamkulu amafufuzidwa mbiri yake asanatumizidwe. Wophunzira wokhalitsa amafunika chilolezo cha nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko.

Ubwino ndi zovuta

Ana a pakhomo amazolowera kulankhula Chingerezi, chimene ndi phunziro loyenera kukhoza kuti munthu alandire satifiketi ya MSCE. Mlendo naye amadziwa Chichewa msanga kuposa wophunzirira m'kalasi mokha. Maubale ena amapitirira zaka zambiri kudzera pa foni ndi WhatsApp.

Zovuta zimayamba pamene anansi akuganiza kuti banja lolandira lalemera. Pamabuka nsanje, ndipo achibale amayamba kupempha ngongole kapena kukakamiza banjalo kuti lipemphe mlendoyo fizi ndi foni. Mlendo amene sanamvetse amaona ngati akukondedwa chifukwa cha ndalama. Anthu ena amadandaulanso kuti kusinthanaku sikufanana, popeza n'kosavuta kuti mwana wa ku Ulaya abwere ku Kasungu kusiyana n'kuti mwana wa ku Kasungu apeze viza ndi tikiti ya ndege. Mpata umenewu amaugwiritsa ntchito akathyali amene amatolera ndalama kwa makolo powanamiza kuti atumiza mwana kunja. Zina mwa zochita zoterezi zimagwera pansi pa lamulo loletsa kuzembetsa anthu la 2015.

Achewa ali ndi miyambi iwiri imene imatchulidwa pa nkhaniyi. Woti "mlendo ndi mame" umakumbutsa banja kuti lipirire chifukwa mlendo sakhalitsa, pamene woti "mwana wa mnzako ngwako yemwe" umanena za udindo umene banja limasenza pa nthawi yonse imene mwanayo ali pakhomo pawo.