Malipiro akaima, banja lidule pati?

Mchaka cha 2021, pomwe ntchito yomanga malo opangira magetsi a dzuwa ku Golomoti m'boma la Dedza idali mkati, anthu ambiri a m'midzi yozungulira adapeza mwayi wa ntchito yolandira malipiro pakhomo pawo pomwe. Ndalamazo zinkaonekera pamsika, m'magolosale ndi pa madenga a malata.

Malowa, omwe ndi a kampani ya JCM Power ndipo amapanga mamegawati 20, adatsegulidwa mchaka cha 2022. Dziko lidapeza magetsi, koma monga zimakhalira ndi ntchito iliyonse ya zomangamanga, kumanga kutatha manja ambiri sadafunikenso. Osamalira malo oterewa tsiku ndi tsiku amakhala ochepa poyerekeza ndi omwe adawamanga.

Kutha kwa ntchito si nkhani yachilendo m'chigwa chimenechi, kuchokera ku Golomoti, kudutsa pa Mua mpaka ku Mtakataka. Mchaka cha 2020 mliri wa Covid-19 udaimitsa ndege kwa miyezi isanu, ndipo alendo omwe ankagula ziboliboli kwa amisiri osema a pa Kungoni ku Mua adasiya kubwera. Mchaka cha 2022 boma lidatseka Admarc kuti liikonzenso, anthu oposa 3,000 m'dziko muno n'kuchotsedwa ntchito. Kumayambiriro kwa 2025 dziko la America lidaimitsa thandizo lodzera ku USAID, ndipo ambiri ogwira ntchito m'mabungwe a zaumoyo adabwerera kumudzi.

Pamwamba pa izo, ndalama ya kwacha idagwetsedwa mphamvu kawiri: ndi 25 peresenti mu May 2022 komanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Wochotsedwa ntchito adapeza kuti kandalama komwe adatsala nako kakugula theka la zomwe ankazolowera.

Kudera kuno olandira malipiro a pamwezi ndi owerengeka: aphunzitsi, apolisi a ku Mtakataka, ogwira ntchito kuchipatala ndi kumishoni, alonda ndi ena ochepa. Aliyense mwa iwowa amadyetsa makomo angapo. Choncho bambo kapena mayi mmodzi akachotsedwa ntchito, funso lomwe limasautsa banja ndi lakuti: tidule pati? Mabanja ambiri amavutika nthawi yaitali kaamba kodula malo olakwika. Amapitiriza zomwe zimaoneka kwa anthu, n'kugulitsa zomwe zimawadyetsa.

Yambani ndi zomwe lamulo likunena

Banja lisanayambe kuwerengera mchere ndi sopo, liyenera kudziwa ndalama zomwe wochotsedwayo akuyenera kulandira. Lamulo la za ntchito la mchaka cha 2000, lomwe lidakonzedwanso mu 2010, likuti munthu wochotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito kapena yagwa m'mavuto a zachuma apatsidwe ndalama za chipukutamisozi, bola akhale atagwirapo chaka chathunthu.

Kawerengedwe kake ndi aka: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse m'zaka zisanu zoyamba, a masabata atatu pa chaka kuyambira chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi, ndipo a masabata anayi pa chaka chilichonse choposera apo. Munthu yemwe wagwira zaka 7 alandire malipiro a masabata 16, omwe sakukwana n'komwe miyezi inayi. Wolandira pamwezi ayeneranso kuchenjezedwa mwezi umodzi ntchito isanathe, apo ayi alipidwe mweziwo, kuphatikizapo masiku a tchuthi omwe sadapume.

Wa kontirakiti ya nthawi yoikika, kapena wolembedwa kuti amalize ntchito inayake, nkhani yake ndi yosiyana chifukwa ntchito yake imatha yokha nthawi ikakwana. Oterewa awerengetse bwino pepala lomwe adasainira. Wosakhutira ali ndi ufulu wokadandaula ku ofesi ya zantchito ku Dedza boma, ndipo zikakanika kumeneko nkhani imapita ku khoti loona za maubale a pantchito.

Palinso penshoni. Kuyambira mu 2011 olemba ntchito amayenera kusonkha 10 peresenti ya malipiro ndipo wantchito amasonkha 5 peresenti. Lamulo latsopano la penshoni la 2023 lidafupikitsa nthawi yodikira, moti yemwe wakhala miyezi itatu osapeza ntchito ina atha kupempha gawo la ndalama zake. Koma zimenezi ndi ndalama za ukalamba, zoyenera kukhudzidwa njira zina zikatha.

Khalani pansi awiri

Ndalama zotsirizazi zimabwera pakamodzi, ndipo apa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Munthu yemwe sadagwirepo ndalama zochuluka chotere amaona ngati walemera, pomwe wangopatsidwa chakudya cha miyezi itatu kapena inayi. Ena amabisa kalata yowachotsa ntchito, n'kumadzuka m'mawa uliwonse ngati akupita kuntchito, uku mayi a kunyumba akutengabe katundu pangongole kugolosale poganiza kuti mwezi ukatha alipira.

Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Bambo a ana ndi mayi a ana akakhala pansi tsiku lomwelo, n'kulemba m'kope ndalama zonse zomwe zilipo ndi zonse zomwe zimatuluka pamwezi, amadabwa kuona komwe ndalama zinkathera. Kawirikawiri mayi ndiye amadziwa mtengo wa mafuta ophikira ndi chigayo, pomwe bambo amadziwa za ngongole ndi zomwe amatumiza kwa abale. Aliyense akabisa mbali yake, bajeti imakhala yabodza.

Abale nawonso auzidwe msanga. M'mabanja ambiri kuno malume wapantchito ndiye amalipirira ana a alongo ake sukulu. Kuwauza kuti ntchito yatha n'kowawa, koma kumawapatsa mpata wofuna njira ina teremu isanayambe. Mkangano ukabuka pa za ndalama, ankhoswe alipo.

Zoyamba kusiya

Muyeso wake ndi wosavuta. Chinthu chomwe banja lingachisiye lero n'kudzachiyambiranso mawa popanda kutaya kanthu, chimenecho ndicho choyamba kudula.

Mowa ndi fodya zili patsogolo, pamodzi ndi kubetcha pa mpira kudzera pafoni, komwe kwafala ngakhale m'misika ya kumudzi. Kenaka pali mayunitsi ndi mabando a intaneti, kulipira matchanelo a kanema, kanyenya ndi tchipisi za pamsika, nsalu zatsopano za chikwati chilichonse, komanso kabaza pa mtunda woti munthu n'kuyenda wapansi. Chilichonse pachokha chimaoneka chaching'ono, koma zikaphatikizidwa pamwezi zimatha kufika pa mtengo wa thumba la chimanga.

Lendi ndi nkhani yaikulu. Banja lomwe limachita lendi pafupi ndi msewu wa M5 chifukwa cha ntchito liyenera kudzifunsa ngati nyumbayo ikufunikabe. Kusamukira m'nyumba yaing'ono kapena kubwerera kumudzi kumachititsa manyazi kwa masabata ochepa, pomwe ngongole ya lendi ya miyezi isanu imathera pa kulandidwa katundu.

Nzeru za kukhitchini

Chakudya sachidula, amangosintha kagulidwe ndi kaphikidwe. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 limatha kufikitsa banja la anthu asanu pafupifupi mwezi, ndipo ndi muyeso womwewu womwe boma limagwiritsa ntchito pogawa chimanga nthawi ya njala. Banja lomwe lalandira ndalama zotsiriza lingachite bwino kuwerenga miyezi yomwe yatsala kuti likolole, n'kugula matumba okwanira nthawi yomweyo. Chimanga chimatsika mtengo pakati pa April ndi June, ndipo chimakwera kwambiri mu January ndi February. Wogula timapepala ta ufa ta tsiku limodzi ndiye amalipira zambiri kuposa onse.

Chimangacho chisungidwe chouma bwino, chothira mankhwala kapena m'matumba osalowa mpweya, chifukwa kuchigwa kotentha ngati kuno anankafumbwe sachedwa.

Kukonola nako kumadya chimanga. Popanga ufa woyera, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu limatsalira mu madeya ndi m'madzi onyikira. Mgaiwa umachulukitsa ufa, umachepetsa ndalama za kuchigayo, ndiponso ndi wopatsa thanzi kuposa woyera.

Pa ndiwo, dera lino lili ndi mwayi. Usipa ndi utaka wa kunyanja, nyemba, khobwe ndi nsinjiro zimalowa bwino m'malo mwa nyama. Nkhwani, chisoso, bonongwe ndi khwanya zikachuluka m'dzinja, mayi wochangamuka amafutsa kuti adzadye m'chilimwe. Malambe ndi bwemba, zomwe zili mbwee m'chigwachi, zimakometsa phala la ana shuga akasowa. Mbaula ya dothi ya Chitetezo imadya nkhuni zochepa kusiyana ndi mafuwa.

Izi zokha musakhudze

Pali zinthu zitatu zomwe zikatayika sizibwerera msanga: munda, sukulu ya ana ndi thanzi.

Sikimu ya mthirira ya Bwanje, ya mahekitala 800, yomwe idamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan ndipo imatenga madzi mumtsinje wa Namikokwe, ndiyo nkhokwe ya mpunga kudera lino. Banja likapanikizika limakopeka kubwereketsa puloti yake kwa wina, kapena kugulitsa mpunga ukadali m'munda pa mtengo wolira. Ndalamazo zimatha m'masabata awiri, ndipo nthawi yokolola banja limaonerera ena akunyamula matumba. Chimodzimodzi kugulitsa njinga, makina osokera, ngolo kapena mbuzi yaikazi. Ngati pali choti chigulitsidwe, iyambe ndi wailesi yakanema kapena sofa. Ndalama za mbewu ndi feteleza zipatulidwe tsiku lomwe chipukutamisozi chalandiridwa, chifukwa kwa wochotsedwa ntchito munda ndiwo bwana watsopano.

Za sukulu, anthu a kuno sasowa wowakumbutsa. Malemu Inkosi Theresa Kachindamoto, omwe likulu lawo lidali ku Mtakataka ndipo adamwalira mu 2025, adadziwika padziko lonse pothetsa maukwati a ana mazanamazana n'kuwabwezera kusukulu. Ambiri mwa maukwati oterewa amayamba ndi umphawi: pakhomo pakasowa chakudya, mtsikana ndiye amaoneka ngati pakamwa poti pachotsedwe. Sukulu zitatsekedwa mu 2020, kafukufuku wa boma adapeza kuti atsikana pafupifupi 40,000 adatenga mimba ndipo ana pafupifupi 13,000 adalowa m'banja. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Kholo lomwe zavuta likaonane ndi mphunzitsi wamkulu, komiti ya sukulu kapena gulu la amayi oyang'anira atsikana mwana asanayambe kujomba. Kusamutsa mwana kuchoka ku pulaiveti kupita ku sukulu ya boma n'kudula kwanzeru, koma kumukhazika pakhomo n'kumupha tsogolo.

Pa thanzi, malungo ndi ochuluka m'mbali mwa nyanja, ndipo mwana akatentha thupi sadikira kuti bambo apeze ntchito. Zipatala za mishoni monga cha Mua zimalipiritsa pa zithandizo zambiri, pomwe za boma ndi zaulere koma zimafuna thiransipoti. Kandalama kapadera ka matenda kasungidwe, ndipo a mankhwala a tsiku ndi tsiku monga ma ARV, a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi asadumphitse.

Chenjerani ndi njira zachidule

Katapila amaoneka ngati mpulumutsi, koma chiwongoladzanja chake cha pamwezi chimameza banja lopanda malipiro, ndipo chikole chimakhala katundu yemwe uja woyenera kutetezedwa. Banki m'khonde ndi yabwinoko, makamaka ngati ngongoleyo ikulowa mu geni yobweza msanga monga mandasi, tomato kapena kuoda usipa. Kukongola kuti mudye ndi kukumba dzenje lina pofuna kukwirira loyamba. Yemwe ali kale ndi ngongole apite yekha kukakambirana za kabwezedwe asanamutsatire pakhomo.

Ena amathamangira kuotcha makala m'nkhalango ya Mua-Livulezi. Lamulo la nkhalango lidakhwimitsidwa mu 2020, ndipo wogwidwa ndi makala opanda chilolezo amalandidwa katundu, kulipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa kumene. Kunyanja nako si kongothamangira, poti kuyambira mu November boma limaletsa makoka ena kuti chambo chiswane.

Chomwe chimathandiza mabanja ambiri ndi kugawana ntchito mwatsopano. Ngati geni ya mayi ndiyo yatsala, bambo akaode katundu, apite kudimba, aperekeze mwana kusikelo. Anthu pamsika adzalankhula sabata imodzi, kenaka adzapeza nkhani ina. Tsokonombwe adatha mtunda n'kulumpha, ndipo banja lomwe lafika nthawi yokolola munda uli m'manja, ana ali pasukulu komanso lopanda katapila pakhosi limakhala ndi poyambira ntchito ina ikapezeka kapena ikapanda kupezeka.