Ngozi ya impso ndi kuundana kwa magazi pambuyo pa opaleshoni ya ciberekero

LUSAKA – Azimai ambiri amene acitidwa opaleshoni yocotsa ciberekero kapena zotupa za m'ciberekero amacira bwino. Komabe, pa masiku ndi masabata oyamba, impso ndi magazi zimafunika kuyang'aniridwa mosamala, ngakhale mai atatuluka kale m'cipatala.

Mu Lusaka, maopaleshoni akuluakulu otere amacitika pa Women and Newborn Hospital ku UTH ndiponso pa Levy Mwanawasa, cipatala cimene cinatsegulidwa mu 2011.

Timipaipi tiwiri totenga mkodzo kucokera ku impso kupita m'cikhodzodzo timadutsa pafupi kwambiri ndi khomo la ciberekero, mwina masentimita 2 cabe. Kampaipi kamodzi kakadulidwa kapena kumangidwa mwangozi, mkodzo umadzadza mu impso kapena kudontha kumaliseche. Impso zimafookanso ngati mai wataya magazi ambiri kapena tizirombo talowa m'magazi. Mkodzo wosafika mamililita 400 pa tsiku ndi cizindikiro coopsa. Madotolo amapima creatinine m'magazi, ndipo zikafika poipa wodwala amaikidwa pa makina osefa magazi a dialysis, amene alipo ku UTH.

Magazi nawonso angabvute m'njira ziwiri. Kugona nthawi yaitali kumaundanitsa magazi m'mitsempha ya m'mwendo, ndipo cibulumwa ca magaziwo cikathothoka n'kukafika m'mapapo, munthu angafe mwadzidzidzi. Njira yaciwiri, yochedwa DIC, imabwera pambuyo potaya magazi ambiri kapena matenda aakulu a m'magazi: zinthu zoumitsa magazi zimatha m'thupi, ndipo bala limangocuca osaleka.

N'cifukwa cace manesi amalimbikitsa odwala kudzuka ndi kuyenda mwamsanga, ndipo ena amalasidwa nyeleti ya heparin. Amene acitidwa opaleshoni yaikulu ya khansa angapitirize nyeletiyi mpaka masabata 4.

Kunyumba, mankhwala ocepetsa ululu monga diclofenac ndi ibuprofen sayenera kumwedwa popanda cilolezo ca dotolo, pakuti angaononge impso zofooka kale.

Mai amene mkodzo wacepa, mwendo umodzi watupa ndi kuwawa, akupuma mobanika, akumva kuwawa m'cifuwa kapena m'nthiti ca kumsana, thupi latentha, kapena akutaya magazi, sayenera kudikira tsiku limene analembedwa pa khadi. Abale ace am'perekeze tsiku lomwelo ku cipatala cimene cinam'cita opaleshoni, kapena ku kiliniki yapafupi monga ya Kabwata kapena Chelstone, atanyamula mapepala onse a kucipatala.