Cifukwa cake asodzi a salmon ku America amacepetsa nyambo m'mwezi wa August

M'mwezi wa August, pamene kuno ku Zambia cisanu cikutha ndipo dzuwa likuyamba kuwawa, kumpoto cakum'mawa kwa dziko la United States nyengo yotentha imakhala ili pafupi kutha. Pa nyanja za m'zigawo za Maine ndi New Hampshire, mabwato a injini amanyamuka kusanace, nayenda pang'onopang'ono monga munthu woyenda pansi, akukoka zingwe za mbedza kumbuyo. Nsomba imene asodziwa amafuna ndi salmon. Cimene cimadabwitsa mlendo ndi nyambo yake. M'mwezi wa April asodzi omwewa amakoka nyambo yotalika ngati cala ca munthu wamkulu, koma pofika August ambiri amamangirira kanyambo kosaposa kamtengo ka macisi.

Salmon wa m'nyanjazi ndi mtundu umodzi ndi salmon wa m'nyanja yamcere ya Atlantic, amene amabadwira mu mtsinje, nakakulira m'nyanja yamcere, nabwereranso kukaikira mazira kumene anabadwira. Kusiyana kwake n'kwakuti uyu safika ku madzi amcere. Moyo wake wonse umathera m'nyanja ya pamtunda ndi m'mitsinje yothira m'menemo. Kale nsombayi inali kupezeka m'malo anayi okha a ku Maine, omwe ndi nyanja za Sebago, Sebec, Green ndi West Grand, koma boma linaifalitsa m'nyanja zina zambiri. Mu 1969 cigawo ca Maine cinaisankha kukhala nsomba yoimira cigawoco. Owedza amaikonda cifukwa ikakodwa imadumpha m'mwamba kangapo, ndipo kawirikawiri imadzimasula isanafike pa bwato.

Nsombayi imadana ndi madzi ofunda. Imakhala bwino m'madzi a madigiri 13 kapena capafupi pamenepo, ndipo akapitirira madigiri 18 imathawa. Nyanja za kumeneko zimaundana pamwamba m'nyengo yozizira. Madzi oundanawo akasungunuka ca m'ma April, nyanja yonse imakhala yozizira kucokera pamwamba kufika pansi, motero salmon amasambira pamwamba penipeni ndipo kumuwedza sikuvuta. Dzuwa la June ndi July likawomba, madzi a pamwamba amafunda ndi kupepuka, nakhala pamwamba pa madzi ozizira amene ndi olemera. Awiriwa sasakanikirana. Pakati pawo pamakhala malire pamene kuzizira kumayamba mwadzidzidzi, ndipo m'mwezi wa August, pa nyanja zazikulu monga Sebago ndi Winnipesaukee, malirewa amapezeka pa kuya kwa mamita 9 mpaka 14, malinga ndi caka ndi mphepo. Salmon amakhala pamenepo. Amene awedza pa Kariba adziwa zofanana ndi zimenezi: nayonso imagawikana motere m'miyezi yotentha, ndipo madzi ake amasakanikirana m'nyengo ya cisanu.

Nchito yoyamba ya msodzi, tsono, ndi kufikitsa nyambo pa kuya kumeneko bwato likuyenda. Njira yakale ndi cingwe cokhala ndi mtovu m'kati. Cingweci cimasintha mtundu pa mamita 9 alionse, ndipo mtundu uliwonse umene msodzi wamasula umatsitsa nyambo ndi mita imodzi ndi theka kapena capafupi pamenepo. N'cifukwa cake asodzi a kumeneko akakumana pa doko safunsana za mamita. Amafunsana kuti, "Zadya pa mitundu ingati?" Njira yatsopano ndi makina ochedwa downrigger. Awa ndi cimpira colemera ca mtovu cimene cimatsitsidwa ndi waya mpaka pa kuya kumene msodzi afuna. Cingwe ca mbedza cimapanidwa pa kacipani pafupi ndi cimpiraco, ndipo nsomba ikaluma cingwe cimacoka pa kacipaniko, msodzi nalimbana ndi nsomba popanda colemera ciliconse. Mabwato ambiri masiku ano ali ndi makina oonetsa pansi pa madzi, amene amasonyeza magulu a tinsomba ngati mtambo.

Tinsomba timeneto ndito mutu wa nkhani. Dzina lake ndi smelt, kansomba kowonda konyezimira, ndipo ndiko cakudya ceniceni ca salmon wa m'nyanjazi. Smelt amaswana madzi oundana akangosungunuka. Amakwera timitsinje usiku m'magulu aakulu, ndipo salmon amawadikirira pa mathiriro. Pa nthawiyo smelt amene ali m'madzi ndi aakulu, a caka cimodzi kapena kuposa, ndiye nyambo nayo iyenera kukhala yaikulu, nthawi zambiri yokhala ndi mbedza ziwiri zotsatizana. Mazira aja akaswa, ana ake amakula m'miyezi yotentha akudya tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi. Pofika August amakhala atafika masentimita 4 kapena 5, ndipo amaculuka kuposa makolo awo. Salmon amaleka kuthamangitsa smelt wamkulu mmodzimmodzi, nayamba kulowa m'magulu a tianati. Nsomba imene yadya tinthu ta msinkhu umodzi kwa milungu ingapo sicedwa kukayikira cinthu cacikulu codutsa pakati pa tinthuto. Msodzi wocenjera akagwira salmon woti akadye amatumbula mimba yake n'kuona zimene wadya, ndipo nyambo ya mawa amaisankha poyerekeza ndi zimene wapezamo.

Nyambo zake zili mitundu iwiri. Wina ndi kacitsulo kopyapyala kopindika ngati supuni, kamene kamagwedezeka ndi kunyezimira kakamakokedwa. Ka dzina lochuka ku Maine ndi Mooselook Wobbler, kamene dzina lake linacokera ku nyanja ya Mooselookmeguntic. Mtundu wina ndi nyambo ya nthenga. Azungu amaicha nchenche, ngakhale kuti siifanana ndi nchenche m'pang'ono pomwe: ndi nthenga ndi ubweya zomangidwa pa mbedza yaitali kuti zikanyowa zioneke ngati kansomba. Luso limeneli linakula cifukwa ca mai wina, Carrie Stevens, amene anali kukhala ku Upper Dam m'dera la Rangeley. Mu July 1924 maiyu anagwira nsomba ya mtundu wa brook trout yolemera makilogalamu atatu ndi nyambo imene anamanga yekha, nalandira mphoto yaciwiri pa mpikisano wa magazini ya Field & Stream. Kucokera pamenepo asodzi a m'madera akutali anayamba kuitanitsa nyambo zake. Iye anali kuzimanga atagwira mbedza m'manja, popanda copanira. Yochuka koposa ndi Gray Ghost, imene imatsanzira smelt, ndipo ikali kumangidwa mpaka lero. Za mu August zimakhala za mbedza imodzi, ndipo nthenga zake n'zocepa, pakuti kamwana ka smelt kamaonekera ngati galasi m'madzi.

Nyambo yaing'ono imafuna cingwe cobisika. Kumapeto kwa cingwe cacikulu asodzi amalumikiza cina copyapyala cosaoneka m'madzi, cotalika mamita angapo. Bwato limayenda makilomita atatu kapena anayi pa ola, ndipo woyendetsa sawongola njira koma amakhotakhota. Bwato likakhota, nyambo za mbali ya m'kati zimacepetsa liwiro ndi kumira pang'ono, pamene za kunja zimathamanga ndi kukwera, ndipo nsomba imene yakhala ikutsatira nyambo mokayika imaluma pa nthawi imeneyo. Nthawi yabwino ndi m'bandakuca. Usiku smelt amakwera kutsatira cakudya cawo, salmon nawatsatira, koma dzuwa likakwera onse amatsika, ndipo msodzi amawonjezera mtundu wina wa cingwe kapena kubwerera kunyumba.

Omvera athu a ku Siavonga ndi ku Sinazongwe aona kale kumene nkhaniyi ikupita. Kapenta anatengedwa ku nyanja ya Tanganyika n'kuikidwa m'Kariba mu 1967 ndi 1968, ndipo mceni, amene ambiri amamucha tiger fish, anaphunzira kumusaka pakati pa nyanja. Ku Maine nako kukula kwa nsomba yaikulu kumadalira kansomba kakang'ono, ndipo mbiri ya nyanja ya Sebago ndiyo umboni wake.

Sebago ndiyo nyanja yakuya koposa m'cigawoco, mamita 96, ndipo mzinda wa Portland umamwa madzi ake. Mu 1907 Edward Blakely anagwiramo salmon wolemera makilogalamu 10, amene mbiri yake ikali kukambidwa. Lero salmon ambiri ogwidwa m'nyanja za ku Maine safika ngakhale makilogalamu awiri. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 mankhwala a DDT, amene anali kupoperedwa m'mbali mwa nyanja pofuna kupha tizilombo, anaononga nsomba za m'Sebago. Nyanja itayamba kucira, boma linayamba kuikamo nsomba ina yodya zinzake, lake trout, mu 1972, ndi colinga cabwino copatsa asodzi nsomba ya m'madzi akuya. Lake trout anaswana yekha kuposa mmene akatswiri anayembekezera. Iye amakhala zaka zambiri ndipo cakudya cake ndi smelt yemweyo. Smelt anacepa, ndipo m'zaka za m'ma 1990 salmon wa m'Sebago anayamba kuwonda ndi kupinimbira. Boma linacepetsa ana a salmon amene limathira m'nyanjamo, nafewetsa malamulo kuti asodzi azitenga lake trout wambiri. Vutoli lisanathe, mu 2003 munapezekanso northern pike, nsomba yolusa imene munthu wina anaikamo mosaloledwa. Kuika nsomba m'nyanja kumatenga tsiku limodzi, koma akatswiri a boma akhala akulimbana ndi zotsatira zake kwa zaka makumi angapo.

Vuto lina limacokera kwa asodzi eni ake, makamaka m'mwezi wa August. Ambiri a iwo amawedza mwa masewera ndipo nsomba amaibweza m'madzi. Ku New Hampshire lamulo limalola salmon awiri okha pa tsiku, osacepera masentimita 38, motero ang'onoang'ono onse ayenera kubwezedwa. Koma salmon wokokedwa kucoka m'madzi ozizira a pansi kudzera m'madzi ofunda a pamwamba amafika pa bwato atalefuka, ndipo akagwiridwagwiridwa pojambulitsa zithunzi akhoza kufa atabwezedwa. Nthambi yoona za nsomba ndi nyama zakuthengo m'cigawoco, imene imachera maukonde caka ciliconse kuti iyeze salmon, inapeza kuti ambiri a pa Winnipesaukee ali ndi zipsera za mbedza, ena nsagwada zong'ambika, ena diso limodzi, ndiponso kuti nsomba zoterezi sizikula bwino. Inapempha asodzi kuti azigwiritsa nchito ukonde wa mphira potola nsomba, azicotsa mbedza mosamala nsomba ili m'madzi, ndipo yovulala kwambiri aitenge akadye ngati yakwana msinkhu, m'malo moibweza kuti agwire ina yooneka bwino. Apa kanyambo ka nthenga ka mbedza imodzi kali ndi ubwino wina, pakuti kamacoka mosavuta kuposa mbedza ya mano atatu imene imakhala pa tizitsulo tambiri.

Nyengo yowedza salmon pa nyanja zazikulu za ku New Hampshire imatsekedwa pa 30 September. Pa nthawiyo usiku umakhala utayamba kuzizira, madzi a pamwamba akuzizira nawo, ndipo salmon aakulu amasonkhana pafupi ndi mathiriro a mitsinje. A m'Sebago amakwera mtsinje wa Crooked, kumene amakumba timaenje m'miyala ya pansi n'kuikiramo mazira m'miyezi ya October ndi November.