Asodzi a ku Maine amene sadya mbewu

Achikumbi anzanga, sabata ino tisiye kaye za chimanga, tikambe za asodzi a m'chigawo cha Maine, kumpoto chakum'mawa kwa dziko la America. Iwowa amapha lobster, kachirombo ka m'nyanja ya mchere konga nkhanu koma kotalika thupi, kamchira ndiponso ka zopanira ziwiri zikuluzikulu. Amatchera miono ya waya pansi pa nyanja, chingwe chake n'kumangirira ku choyandama pamwamba. M'chaka cha 2016 anavuula matani pafupifupi 60,000.

Chimene chimandikoka ine ndi mmene anthuwa amasungira mbewu. Msodzi akavuula mono amayeza chigoba cha pamsana cha lobster iliyonse. Yosafika mamilimita 83 imabwerera m'madzi. Yopyola mamilimita 127 nayonso imabwerera, ngakhale ndiyo ya nyama yambiri, popeza zikuluzikuluzo ndizo zimabereka kwambiri. Akapeza yaikazi yonyamula mazira kunsi kwa mchira, amaidula pang'ono kuchipsepse cha mchirawo ngati chilembo cha V, n'kuiponya m'nyanja. Wina akadzaikola, ngakhale mazira atatha, saloledwa kuigulitsa malinga chizindikirocho chikuoneka. Inu amene mumapachika ngala zabwino za chimanga padenga la khitchini, njala n'kumakupwetekani koma osazikhudza, nzeru imeneyi simufuna mlangizi kuti akumasulireni.

Lamulo loteteza zazikazi za mazira linakhazikitsidwa mu 1872. Mu 1995 boma la Maine linagwirizana zogawa gombe lonse m'zigawo zisanu ndi ziwiri, chilichonse ndi komiti yosankhidwa ndi asodzi eni ake. Munthu mmodzi saloledwa kupyola miono 800, ndipo asodzi a chigawo angathe kuvota kuti chiwerengerocho chitsike.

Koma musaganize kuti amavomera lamulo lililonse. M'nyanja yomweyo muli anamgumi a mtundu wa right whale amene atsala osakwana 400, ndipo ambiri amafa chifukwa chokodwa m'zingwe kapena kugundidwa ndi sitima. Mu 2021 nthambi ya boma lalikulu yotchedwa NOAA inalamula zingwe zosavuta kuduka, n'kutsekanso dera lina kuyambira October mpaka January. Bungwe la Maine Lobstermen's Association linakasuma kukhoti, likunena kuti palibe namgumi wa mtunduwu amene anapezeka atafa ndi chingwe cha ku Maine. Mu 2022 nyumba ya malamulo ya dzikolo inaimitsa malamulo ena atsopano mpaka kutha kwa 2028, ndipo mu 2023 khoti la apilo linagamula mokomera asodzi. Tsoka ilo, mu January 2024 namgumi wamng'ono wamkazi anapezeka atafa pa chilumba cha Martha's Vineyard, chingwe cha ku Maine chitamudya kumchira.

Mmene ndikuonera ine, lobster ya mazira msodzi amaigwira m'manja, phindu loisiya n'kudzaliona yekha. Namgumi samubweretsera kakobiri, ndipo lamulo lake limachokera kutali. Ngakhale pa lobster yeniyeniyo mitima yayamba kuuma. Madzi a kumeneko akutentha msanga, ndipo akafukufuku atapeza kuti tiana ta lobster tachepa, akuluakulu anafuna kukweza muyeso uja ndi mamilimita osakwana awiri. Asodzi anakana kwamtuwagalu, ndipo mu 2025 lamulolo linafafanizidwa lisanayambe kugwira ntchito.