Kuwiritsa madzi sikuchotsa fluoride

Ntchito yanga ndi yoyeza madzi a m'mijigo ndi m'zitsime. Ndikafika pamudzi ndi timabotolo tanga, kaya ku Luwawa, ku Jenda kapena ku Embangweni, funso limakhala limodzi: "Kodi muli tizilombo?" Ndi funso labwino, makamaka kwa ife amene tinaona kolera ya mu 2022 ndi 2023. Koma za fluoride palibe amene amafunsa, poti saoneka, sanunkha, ndipo samveka pakamwa.

Fluoride ndi mchere wa m'miyala umene umasungunukira m'madzi akakhalitsa pansi panthaka. Akakhala wochepa amalimbitsa mano, n'chifukwa chake amamuika m'mankhwala otsukira mano. Ku America, mzinda wa Grand Rapids unayamba kumuthira dala m'madzi a m'mipopi mu 1945, ndipo mu 2025 madera a Utah ndi Florida analetsa mchitidwewu. Mkangano wawowo ukafika pa WhatsApp, ena amayamba kukayikira madzi a Northern Region Water Board. Fungo limene mumamva pampopi paja ndi la chlorine, mankhwala ophera tizilombo. Nkhawa yathu kuno ndi fluoride wachilengedwe wa m'mijigo.

Akachuluka, umboni umaonekera pa mano a ana. Poyamba pamabwera timizere toyera ngati choko, kenako madontho ofiirira, mwinanso timaenje. Zimenezi zimayamba mano akadali kupangika m'nkhama, mwana asanakwane zaka 8, ndipo zikachitika zachitika. Ndimamva chisoni ndikaona mayi akukalipira mwana kuti satsuka mano, n'kumamukwecha ndi phulusa. Si litsiro ayi. Munthu akamwa madzi otere kwa zaka zambiri, mafupa nawo amalimba molakwika, msana ndi mawondo n'kumavuta kupinda. Akatswiri anapeza fluoride wambiri ku Nathenje, ku Machinga, ku Nsanje, komanso m'akasupe otentha.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Timathira mankhwala ofiira m'kabotolo ka madzi. Fluoride akakhala wambiri, kufiira kuja kumazilala, ndipo kamakina kamawerenga kuzilalako n'kutipatsa nambala.

Pa nambala pomwepa ndi pamene pali nkhani. Bungwe la WHO limati fluoride asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita. Muyezo wathu wa madzi a m'mijigo ndi m'zitsime, MS 733 wa mu 2005, unalola mpaka 6, kuchulukitsa kanayi. Ndiye kuti mjigo ukhoza kukhoza mayeso papepala, uku ukuthimbiriritsa mano a ana a sukulu yonse. Ine ndimati malire amenewa ndi otayirira kwambiri, ayenera kutsika.

Kuwiritsa sikuthandiza: nthunzi imachoka, fluoride n'kutsala mumphika. WaterGuard naye amapha tizilombo basi. Makala a mafupa a ng'ombe, akakonzedwa bwino, amachotsa fluoride, koma amatopa ndipo amafunika kusinthidwa. Njira yapafupi ndi iyi: mijigo iwiri yoyandikana ikhoza kusiyana kwambiri, choncho wa fluoride wochepa ukhale wa madzi akumwa ndi ophikira, winawo wochapira ndi kusamba.

Inu a komiti ya mjigo, mukaona ana ambiri pamudzi ali ndi mano amawangamawanga, uzani alangizi a zaumoyo, ndipo pitani ku ofesi ya zamadzi pa boma la Mzimba mukapemphe kuti madzi anu ayezedwe. Akakupatsani pepala la zotsatira, fufuzani mzere wa fluoride. Nambala ikaposa 1.5, ana aang'ono asamwe madzi a pamjigo umenewo.